Mchere wa Kutsidya

Kutsidya kwa Luangwa, ukaolokera pa dooko la kumtunda kwa mudzi wathu n'kuyenda maola awiri kuloza kumadzulo, umafika pa kaphiri ka miyala yofiira. Munthu wa ku Chipata akhoza kuseka atamva tikukatchula phiri. Koma kuchigwa kuno dziko lili see, ndipo ukaima pamwamba pa kaphiriko palibe chobisika. Ine ndinakwerapo masiku atatu okha m'moyo wanga, ndipo masiku onsewo ndinapita ndi akulu anga.

Tinabadwa awiri kwa amayi athu, kuno kwa Kakumbi, tonse akazi. Akulu angawo anandiposa ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkawaitana kuti asisi. Anali afupi, amapewa ngati mwamuna, ndipo akaseka kuchitsime tinkawamva tili kunyumba. Anali ndi ana atatu, woyamba mtsikana wa zaka naini. Amuna awo, alamu anga, anali asodzi. Ine ndinali nditangokwatiwa kumene, koma amuna anga anali atapita kumigodi kukafuna ntchito, choncho ndinkakhalabe pakhomo pa amayi.

Zinali zaka zija zimene m'masitolo munkangokhala mashelefu ndi fumbi. Sopo kunalibe, mafuta ophikira kunalibe, ndipo mchere ukabwera unkatha tsiku lomwelo. Chaka chimenecho njovu zinatidyera mapira onse kumunda, moti tinkadalira nsomba za alamu. Nsombazo zinkafunika kuziwaza mchere n'kuziyanika, kuti akazisinthanitse ndi chimanga kwa anthu akumtunda. Popanda mchere, m'kutentha kwa Okutobala, nsomba inkanunkha isanafike n'komwe pamsewu.

Kumene kunali mchere tinkakudziwa. Kuseri kwa kaphiri kaja kuli dambo lalikulu, ndipo pakati pake pamatumphuka madzi otentha. M'mphepete mwa madziwo dothi limayera mbee. Amayi athu ali mtsikana ankapala dothi limenelo masanasana, dziko lija lisanatsekedwe kuti likhale la nyama zokha. Ankabwera nalo kumudzi, n'kulisefa ndi madzi m'dengu, n'kuphika madziwo mpaka mchere utsale mumphika. Ife tinakula malowo ali kale m'gemu. Wopezeka kumeneko ankagwidwa ndi agemu, anthu olondera nyama aja, ngakhale atangosenza dothi.

Amayi anali atakalamba, maondo akuwavuta, koma njira anawafotokozera asisi. Ukaoloka, ulondole mtsinje wouma mpaka upeze mlambe wamphako. Pamlambepo ukhotere kumanja, kaphiri kakhale kutsogolo kwako. Ndipo usalowe m'dambo usanakwere kaphiriko n'kuona chimene chikukudikira. Maulendo awiri oyamba tinachita momwemo, n'kubwerera kumudzi dzuwa lili paliwombo, aliyense ndi thumba lake pamutu.

Ulendo wachitatu tinanyamuka kutangocha. Luangwa inali itaphwa, madzi a padooko akulekeza m'maondo, mvuu zitaunjikana m'dziwe la kumunsi zikununkha. Tinanyamula matumba awiri, khasu lakutha ndi chigubu cha madzi akumwa. Asisi anavala chitenje chofiira chimene ankalimira.

Tinafika pamwamba pa kaphiri cha m'ma eyiti koloko. Ndinene zoona, malo amenewo ndi okongola, ndipo ndinkawakonda. Kumbuyo kwathu Luangwa inkaoneka ikupindapinda pakati pa mchenga woyera, apa ikubisala m'mitengo, apo ikutulukiranso. Kupitirira mtsinje kunkaoneka utsi wa midzi yathu, ndi denga limodzi la malata likung'anima cha ku Nkwali. Kutsogolo, kutali kwambiri, mapiri a Muchinga anaima ngati khoma lobiriwira, kuchokera uku mpaka uko, osaduka. Pakatipo panali nkhalango ya mitengo ya tsanya yopanda tsamba n'limodzi lomwe, yotuwa ngati phulusa, ndipo m'kati mwa kutuwako dambo lathu lokha ndilo linali laliwisi, nthunzi ikufuka pang'onopang'ono pakasupe.

Asisi anakhala pamwala n'kutambasula miyendo.

"Ukuiona mitengo itatu ya bwemba ijo?" anandifunsa, akuloza ndi milomo. "Paja ndiye panali mudzi wa amayi. Agogo aamuna ali pomwepo."

"Munapitako?"

"Kukatani? Ndi pogona njati masiku ano."

Tinayang'ana mbali zonse monga mwa nthawi zonse. Agemu sitinawaone, ngakhale fumbi la galimoto. Njovu tinaziona, koma zinali kutali, pathawale la kumpoto, zazing'ono ngati mbuzi. Asisi anaziwerenga n'kunena kuti ndi seveni, ndipo sizingafike kwathu tisanamalize. Kumapeto kwa dambo kunali nkhalango yothithikana ya migwalangwa. M'menemo maso sankalowa, ndipo sitinaiganizire.

Tinatsika n'kuyamba ntchito. Madzi a pakasupepo amanunkha ngati dzira lovunda, ndipo ukaikamo chala umachichotsa msanga. Asisi ankapala dothi ndi khasu, ine ndikuolera m'matumba ndi manja. Mchere unkaluma m'ming'alu ya m'mapazi. Tinkalankhula monong'ona za mwana wawo wotsiriza amene ankatsokomola, ndi za amuna anga amene sanali kulemba kalata. Matumba atadzaza ndinawatwika asisi lawo, ndipo ndinawerama kuti ndimange langa.

Sindinamve kanthu. Anthu amaganiza kuti njovu imabwera ndi phokoso, koma ayi. Ndinangoona asisi ataima chilili, maso ali kumbuyo kwanga. Nditacheuka, njovu zina zinali zitatuluka kale m'migwalangwa muja, zisanu, zikubwera kudzamwa. Patsogolo panali yaikazi yopanda minyanga, kamwana kake kali m'miyendo. Mphepo inkachokera kwa ife kupita kwa izo. Yaikazi ija inaima, inakweza chitamba, makutu n'kuwatambasula.

"Siya thumba," anatero asisi, mawu ali pansi. "Thamangira kuphiri. Usacheuke."

Ndinathamanga. Ndinamva thumba lawo likugwa kuti phi, kenako kulira kwa njovu kumene kunandilowa m'mafupa. Iwo sanathamangire kumene ndinathamangira ine. Analowera cha kumanzere, m'dambo lopanda pobisala. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita dala kuti njovu isanditsate, kapena mantha ndiwo anawasokoneza. Ndinakwera miyala ija ndi manja ndi maondo, ndipo nditafika pamwamba ndinatembenuka.

Zonse ndinaziona. Kuchokera pamenepo asisi ankaoneka aang'ono ngati chala changa, kadontho kofiira pa udzu wobiriwira. Njovu inawapeza asanafike pakati pa dambo. Inawakankha ndi mutu, anagwa, ndipo inagwada pa iwo. Inadzuka, inabwerera m'mbuyo, inabweranso. Fumbi loyera linakwera. Ndinakuwa, koma mawu anga sanapite kulikonse.

Kenako inawasiya n'kubwerera kwa mwana wake. Ndinkayembekeza kuti zithawa, koma sizinathawe. Zinapita pakasupe, kumunsi kumene madzi amakhala atazizira, n'kuyamba kumwa ndi kudzithira matope. Zitatha kumwa zinayamba kuzula udzu, pang'onopang'ono, pafupi ndi pamene panagona asisi.

Ndinakhala pamwala womwe uja anakhalapo iwo m'mawa. Dzuwa linakwera, miyala inatentha, mithunzi inathawira pansi pa mitengo. Ntchentche zoluma zinkanditera m'khosi koma sindinaziingitse. Patapita nthawi ndinaona kadontho kofiira kaja kakusuntha. Mkono unakwera m'mwamba, n'kugwanso. Anali amoyo.

Ndinaimirira, ndinatsika miyala iwiri kapena itatu, ndinaima. Njovu yopanda minyanga ija inali pakati pa ine ndi iwo. Ndinakweranso. Ndinachita zimenezi kangapo, kutsika ndi kukwera, ndikulira ngati mwana. Kumwamba kunabwera muimba mmodzi, kenako atatu, akuzungulira osakupiza mapiko. Dziko lonse linali zii, lokongola monga linalili m'mawa, Muchinga ali pomwepo, mtsinje ukunyezimira. Ndinadana nalo.

Njovu zinachoka dzuwa litangopendeka pang'ono, mwina cha m'ma wani koloko. Zinalowanso m'migwalangwa muja, ndipo ndinadikira mpaka msana wa yotsiriza utazimiririka. Pamenepo ndinatsika chothamanga.

Ndinawapeza atagona chagada, nkhope yodzaza dothi loyera, milomo itang'ambika ndi ludzu. Magazi sanali ambiri. Koma kuyambira m'chiuno kupita kumapazi thupi linali litapindika mwa njira imene thupi la munthu silipindikira, ndipo akapuma pachifuwa pankamveka phokoso.

"Asisi! Asisi, ndine."

Anatsegula maso. "Wavulala?"

"Ayi."

"Madzi."

Ndinathamangira pamene tinasiya chigubu. Chinali chilipo, madzi ake atafunda. Ndinawatukula mutu n'kuwamwetsa pang'ono, ena akutayikira m'khosi. Ndinayesa kuwabereka, koma nditangowagwira m'khwapa anakuwa mwakuti ndinawasiya. Pafupi panali chulu chokhala ndi kamtengo kamasamba. Ndinakhuthula dothi la m'thumba limodzi, ndinawagoneka pathumbapo pang'onopang'ono, n'kuwakokera pamthunzi. Anakomoka, kenako anatsitsimukanso.

"Tamvera iwe," anatero, akupuma pakati pa mawu. "Sungandinyamule. Pita kukampu ya agemu. Ali ndi wailesi, aitana galimoto. Usapite kumudzi. Wamva?"

"Atimanga, asisi."

"Atimange. Pita kwa agemu."

Amenewo ndiwo mawu otsiriza amene ndinawamva kwa iwo. Ndinawaikira chigubu pafupi ndi dzanja, ndinawafunditsa mpango wanga kumaso chifukwa cha ntchentche, ndipo ndinanyamuka.

Ndinathamanga njira yonse, kudutsa pamlambe, kutsata mtsinje wouma, mchenga ukundiwotcha mapazi. Padooko ndinagwa kawiri m'madzi. Nditakwera gombe la kwathu ndinafika pamphambano. Njira yakumanzere inkapita kukampu ya agemu, ulendo wa mphindi fifitini. Yakumanja inkapita kumudzi, ulendo woposa theka la ola.

Ndinaima pamenepo madzi akuyenderera m'miyendo. Ndinali ndisanalankhulepo ndi wagemu chibadwire. Tinakula tikuwathawa. Ndinaganiza za mfuti zawo, za unyolo, za amuna anga kumva kumigodi kuti mkazi wawo ali m'ndende. Ndinadziuza kuti nkhani yotere imafuna mwamuna, kuti alamu ndiwo adziwa chochita. Ndinalowera kumanja.

Kumudzi alamu kunalibe. Anali kumunsi kwa mtsinje akusoka ukonde, ndipo panapita nthawi kuti awapeze. Amayi anangokhala pansi pakhonde, manja ali kumutu. Amuna anasonkhana, nkhani n'kukhala yambiri. Ena ankati tipite tokha ndi machira, agemu asadziwe. Ena ankati popanda mfuti palibe angalowe m'dambo lija njovu zili pafupi. Ine ndinaima pakati pawo ndikungobwereza kuti ali moyo, ali moyo, koma zimene asisi anandituma sindinazitchule. Alamu atafika sanamvere aliyense. Anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Tiyeni kukampu, alamu." Tinabwerera njira yomwe ija, n'kudutsanso pamphambano pomwe paja.

Mkulu wa pakampupo anali bambo wa imvi, wochokera kumpoto, wolankhula Chinyanja chopotoka. Tinamupeza akukonza njinga pansi pa mtengo, mkazi wake akupeta mpunga. Alamu anafotokoza mwachidule. Ndinkadikira kuti atikalipire, koma iye anangoimirira n'kupukuta manja.

"Mayi, munawasiya nthawi yanji?"

"Dzuwa lili apa," ndinaloza.

Anayang'ana wotchi yake, anayang'ananso ine. Analowa m'kanyumba ka wailesi, tinamumva akuitana mobwerezabwereza. Atatuluka anali ndi mfuti ndi anzake awiri. Anati galimoto izungulira kumlatho n'kukatipeza pamlambe, ife tioloke wapansi.

Tinafika padambo dzuwa litafiira, likukhudza mapiri a Muchinga. Miimba inali itatera pamtengo wouma chapafupi, ndipo wagemu mmodzi anaigenda. Asisi sanali pamene ndinawasiya. Anali atadzikoka ndi zigongono kuchoka pamthunzi paja, mtunda wa mapazi khumi mwina, kuloza njira ya kwathu. Chigubu chinali chopanda kanthu. Anagona chafufumimba, tsaya lili pa dothi.

Mkulu uja anagwada n'kuwagwira pakhosi, kenako padzanja. Anavula chipewa.

"Si kale," anatero. "Thupi likadali lofunda."

Alamu anakhala pansi n'kuwatembenuza, n'kuyamba kuwachotsa dothi kumaso ndi malaya awo. Sanalire pamenepo. Ankangopukuta, kupukuta, ngati akusambitsa mwana. Tinawanyamulira pa lona mpaka pamlambe, pamene galimoto inkatidikira.

Agemu sanandimange. Patapita masiku awiri maliro atachitika, mkulu uja anandiitanitsa, ndinafotokoza zonse, mnzake akulemba, ndipo ndinadinda chala. Pondiperekeza anandiuza kuti waonapo anthu ambiri ogwidwa ndi njovu, ndipo wothyoka msana chonchija sachira kawirikawiri, ngakhale galimoto itafika msanga. Mwina ankanena zoona. Mwina ankangondimvera chisoni. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanalowera kumanzere, asisi sakanamwalira ali okha.

Tsiku lometa, anthu atabalalika, amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Maso awo anali atatupa, mawu atasasa.

"Iwe unali naye," anatero. "Anakuuza chiyani mwana wanga?"

Ndinayang'ana pansi. Ndikananena zoona, akanafunsa chifukwa chimene ndinabwerera kumudzi. Pakamwa panga panatuluka mawu ena.

"Anati ndiwalerere ana."

Amayi anagwedeza mutu n'kuyamba kulira mwakachetechete. Madzulo omwewo anawauza amalume, ndipo pokambirana za ana panalibenso wotsutsa. Mawu a womwalira anali atanenedwa. Alamu anakhala nafe chaka chimodzi, kenako akwathu anawamasula mwamwambo, anabwerera kwawo kumunsi kwa mtsinje n'kukakwatiranso. Ana atatu aja anatsala ndi ine.

Amuna anga atamva kuti ndili ndi ana atatu oti ndilere, analemba kalata imodzi yokha, yonena kuti ndipite kumigodi ndekha kapena ndikhale. Ndinakhala. Sindinakwatiwenso, ndipo wanga wobereka ndekha ndilibe. Ndinalima, ndinaumba njerwa, ndipo makampu a alendo atachuluka ndinapeza ntchito yochapa nsalu ku Chinzombo, imene ndinaigwira mpaka manja atayamba kuuma. Wotsiriza uja wa chifuwa anamwalira ali ndi zaka sikisi. Wachiwiri ndi dalaivala. Woyamba, mtsikana uja, ndi mphunzitsi kumtunda, ndipo ali ndi ana akeake. Onse amanditcha amayi. Anakula akudziwa kuti mayi wawo powasiya anawatchula, ndipo mtsikanayo ali wamng'ono ankandipempha kuti ndibwereze mawuwo. Ndinkabwereza.

Amayi anapita osadziwa. Alamu nawonso anapita osadziwa. Chaka chatha mwana wanga wamkuluyo anabwera patchuthi, ndipo tsiku lina masana tinakhala awiri pakhonde tikuswa mtedza. Miyendo yanga inali itayamba kutupa, ndipo ndinaona kuti ndikapitiriza kudikira ndidzapita nazo. Ndinamuuza zonse, kuyambira pachulu paja mpaka kuseri kwa nkhokwe.

Sanandidule mawu. Manja ake anasiya kuswa mtedza, n'kungokhala m'lichero.

"Ndiye za ife sanatchule?" anafunsa.

"Sanatchule. Anafunsa ngati ndavulala, anapempha madzi, anandituma kwa agemu. Basi."

"Ndipo inu simunapite."

"Sindinapite."

Anayang'ana nkhuku pabwalo. Kenako anaimirira, anakung'untha makoko pachitenje, n'kupita kumunda yekha. Anabwera dzuwa litalowa. Anandiphikira, anandipatsa mankhwala anga, koma sitinachezenso. Patatha masiku awiri anabwerera kumtunda, tchuthi chisanathe.

Amaimbabe foni Lamulungu lililonse. Amafunsa za miyendo, za mvula, ngati njovu zalowanso m'munda. Nkhani ija sanaiyambitsenso, ndipo ine sindimufunsa. Mwezi watha ananditumizira nsapato zofewa za nambala yaikulu, zoti mapazi otupa alowe, koma m'katunduyo munalibe kalata.